Za Mkuru Wina wa ku Harare Amene Sindinamuona Nkhope

Ndapempha malo kuti ndikusimbireni za munthu mmodzi amene anali bwenzi langa zaka 14, ndipo m'zaka zonsezo sindinamuona nkhope, sindinagwira dzanja lace, kapena kudya naye nsima m'mbale imodzi. Kwathu kuno cibwenzi ticidziwa ndi mapazi, ndiko kuyenderana pa matenda ndi pa maliro. Cifukwa cace ena adzati munthu wotere si bwenzi konse. Koma ine ndiyesa kuti mwa anthu onse amene Mulungu anandipatsa kunja kwa nyumba yanga, palibe wina anandisenzera katundu wolemera monga mkuru ameneyo. Dzina lao sindilichula, pakuti ana ao ali moyo, ndipo m'nkhani muno muli zina za pa banja pao. Ana anga anali kuwachula Agogo a ku Harare, ndipo inenso ndidzawachula comweco.

Ciyambi cace cinali pa njala ya 2002. Inu amene munali akuru nthawi imeneyo mukumbukira miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zinali zopanda kanthu, cimanga ca m'munda cisanakhwime, ndipo anthu anali kufukula zitsa za nthoci nazisinja, ndi gaga anasanduka cakudya ca mafumu. Pa sukulu yathu, m'dera la Dedza, ana anacepa tsiku ndi tsiku, ndipo otsalawo anali kuodzera nthawi ya masamu. Ine ndinali mphunzitsi wamng'ono, wa zaka 6 zokha pa nchito citurukire ku sukulu ya uphunzitsi. Tsiku lina mwezi wa Epulo mphunzitsi wamkuru anandiitana, nandipatsa kalata ya sitampa ya ku Zimbabwe, yolembedwa pamwamba pace dzina la sukulu yathu lokha, popanda dzina la munthu. Anati, "Inu muli ndi njinga, tayankhani." Palibe cifukwa cina cimene kalatayo inagwera ine, koma njinga ija.

Mwini kalata anati anamva pa wailesi kuti kwathu kuli njala, ndipo anafunsa za mai wina wa m'mudzi wa tsidya la mtsinje, ndi mwana wace wamkazi, ngati ali moyo. Dzina la maiyo analichula, koma la mwana iai. Ndipo sananena kuti anthuwo ali naye bwanji. Kalembedwe kace kanandidabwitsa. Zilembo zinali zazikuru, zoima ciriri, monga za mwana wa Sitandade 2 wofuna kukondweretsa mphunzitsi wace. Koma mau ace anali akale, ena a m'Buku Lopatulika lija linasindikizidwa m'caka ca 1922, ndi ena amene ndinawamva kwa agogo anga okha. Dziko lathu analichula Nyasaland kawiri, nakumbuka pambuyo, nafafaniza.

Loweruka lace ndinapalasa njinga kunka kumudziko. Mai wamkuru uja ndinapeza kuti anaikidwa kale. Anatupa miyendo, namwalira mwezi wa Febuluwale. Mwana wace ndinampeza pakhonde, mkazi wamasiye wa zaka zoposa 40, wa ana 5. Pamene ndinachula dzina la mwini kalata, anandiyang'ana kanthawi, nati, "Aphunzitsi, munthu ameneyo anafa ine ndisanabadwe." Atatero analowa m'nyumba.

Ndinayankha monga tinaphunzira kulemba makalata a nchito, mizere 5 yokha, yopanda mau a cipepeso ngakhale amodzi. Ndipo lero ndikaikumbukira ndicita manyazi. Sindinayembekeza ina. Koma atapita masabata 6 inafika yaciwiri, ya masamba 4, ndipo m'menemo mkuruyo anaulula zonse kwa ine mlendo.

Anacoka kwao m'caka ca 1958, nthawi ya Citaganya, ali mnyamata wa zaka 20, atakhala pa cikamwini caka cimodzi cokha, mkazi ali ndi pakati. Cimene cinawacotsa ndico cinacotsa anyamata ambiri a masiku amenewo: msonkho, ndi kufuna nsaru ya mkazi, bulangete ndi njinga. Anayenda pansi kufikira ku Tete, naoloka Zambezi pa pantoni, pakuti mlatho kunalibe, nalowa m'Southern Rhodesia, atalonjeza kuti adzabwera zitapita zaka 2. Analembedwa nchito pa munda wa fodya. Malipiro anali ocepa. Ndipo zitatha zaka ziwirizo anaona kuti m'thumba mulibe coonetsa kumudzi, nati, caka camawa. Pambuyo pace anasamukira ku Salisbury, umene lero uli Harare, nakhala wophika m'nyumba ya Mzungu. Anaphunzira mowa, natenga mkazi wina, ndipo dzina lao linalowa m'gulu la machona. Akuru anati, kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Koma mwambi umenewo ubweza munthu wanjala, subweza munthu wamanyazi.

Kutembenuka kwao kunacitika m'cipatala. Ali gone ndi cibayo, nkhalamba ina ya kwathu kuno, yosawadziwa, inali kuyenda pa makama kufunafuna olankhula Cinyanja, niwapatsa nthoci ndi kupemphera nao. Nkhalambayo inali ya mpingo wa anthu a kwathu okhala m'dzikomo, nchito imene inayamba m'caka ca 1912, pamene Mbusa T.C.B. Vlok, yemwe uja anayamba Mvera pamodzi ndi Mbusa A.C. Murray m'caka ca 1889, ananka ku Salisbury kukaweta Akristu a ku Nyasaland obalalika m'minda ndi m'migodi. Ndipo m'caka ca 1965 mpingowo unakhala Sinodi ya paokha m'kati mwa C.C.A.P. Kumeneko Agogo analowa kalasi, naphunzira kuwerenga ali wamkuru kale, nabatizidwa. Analembera kumudzi kawiri, osayankhidwa. Ndipo pamene anamva kwa wapaulendo wina kuti mkazi woyamba uja anabala mwana wamkazi, nakwatiwanso, anati mtima wao unakondwera, si cifukwa ca mkaziyo, koma cifukwa anapeza pobisala. Mau amenewa analemba okha, popanda wowafunsa.

Potsiriza anati, "Sindipempha kuti mwanayo andiyese atate wace, pakuti sindinamgulira ngakhale mcere. Ndipempha cokha kuti adziwe kuti ndinamlakwira, ndi kuti ndidziwa. Mundiuzeko dzina lace. Nanga inu, Aphunzitsi, muli nao ana angati, ndi maina ao ndani, kuti ndiziwachula pamaso pa Ambuye?"

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mtumiki wao. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu inali kufika envulopu, m'kati mwace makalata awiri, yanga ndi ya maiyo. Ndipo popeza iye sadziwa kuwerenga, ine ndinali kupalasa njinga kukamwerengera. Anali kundiyalira mphasa monga ayenera mlendo, nakhala capatali alikutong'ola cimanga kapena kusenda mtedza, osatukula maso, ndikatsiriza anali kuti, "Zikomo, Aphunzitsi, muyende bwino." Yankho panalibe. Nthawi zina amalonda oyenda pa basi anali kusiya kamtolo pa sukulu, sopo, shuga, kapena nsaru. Sopo ndi shuga anali kupatsa ana, koma nsaru sanaibvala ndi kamodzi komwe. Zitatha zaka 3 ine ndinatopa, ndinalembera Agogo kuti tirikuthira madzi pa mwala, ndipo kuli bwino kuleka. Anandiyankha mofatsa kuti ngongole siitha cifukwa mwini wace wakana kulandira. Koma ngati njinga yandilemera, ndinene, iwo sadzandiyesa wolakwa. Ndinacita manyazi, ndinapalasanso.

Pano ndinene za m'mtima mwanga, kuti maiyo sindimtsutsa. Ife a mpingo tifulumira kuuza wolakwiridwa kuti akhululuke, kawirikawiri cifukwa nkhope yace yakwinya itisowetsa mtendere ife. Iye anakula alikuona amace akulima okha, anasiya sukulu asanadziwe zilembo, ndipo amacewo anafa ndi njala. Tsono kalata ya masamba awiri inali yopepuka pa muyeso. Agogo anadziwa cimeneci koposa ine. M'makalata onse amene ndinamwerengera, sindinapeza pamene anamkumbutsa kuti Mkristu ayenera kukhululuka.

Pang'ono ndi pang'ono ndinazindikira kuti si ine ndekha wolandira makalata ao. Anali nao ena: mkazi wamasiye wa ku Bulawayo, namwino wina wa ku Chipata, nkhalamba yakhungu ya ku migodi ya malasha ya ku Hwange, ndi mnyamata wogwira nchito ku Johannesburg. Onsewa anali olankhula cinenero cathu, ndipo palibe mmodzi anamuona mnzace. Agogo anali kutenga cisoni ca uyu, atampempha mwini wace, nacitula kwa uyo, nalemba ndi keyala yomwe. Kotero kuti tinakhala ngati mudzi wopanda bwalo, nyakwawa yace iwo. Mwezi wa Meyi 2008, pamene alendo anathamangitsidwa m'makomboni a ku South Africa, nafa anthu 62, mnyamata uja anabisala masiku ambiri m'nyumba ya mapemphero. Ndipo pamene anabwerera pa nchito anapeza makalata 4 alikumdikira, ocokera m'maiko atatu.

Koma cimene candilembetsa nkhani ino ndi ici. Mwezi wa Febuluwale 2006 mwana wathu wamkazi wa zaka 4 anadwala malungo. Tinayesa kuti ndi kutentha thupi cabe, tinalinda kufikira usiku waciwiri. Ndipo pamene anayamba kukomoka ndinambereka kumbuyo ndi nsaru ya amace, ndi kupalasa mumdima ndi m'matope. Ku cipatala ndinafika naye atazizira kale. Pa maliro anthu ananena mau onse amene timanena, ndipo ine mwini ndinawanenapo kwa ena. Koma tsikulo anandilasa ngati minga. Kuyambira pamenepo ndinaleka kupemphera. Palibe anadziwa, pakuti m'mamawa uli wonse ndinali kuimabe pamaso pa ana a sukulu ndi kutsogolera mapemphero, ndi Lamulungu ndinali kukhala pa malo anga. Koma inali milomo yokha, monga mwana wonena matebulo a masamu osawamva. Abusa sindinawauza, pakuti ndinaopa nchito yanga. Mkazi wanga sindinamuuza, pakuti katundu wace unamkwanira. Itatha miyezi 3 ndinalembera Agogo, ndiyesa cifukwa anali kutali ndipo sakadandiona m'maso. Ndinalemba mau oipa, amene sindingawabwereze pa masamba ano.

Yankho lao ndiri nalo kufikira lero, ndipo linati: "Aphunzitsi, kalata yanu ndawerenga katatu. Sindikudzudzulani, ndipo sindidzakuuzani cifukwa cace mwanayo anatengedwa, pakuti sindicidziwa. Koma ndikumbukira kwathu ndiri mnyamata, munthu akadwala nthawi yopalira, abale ndi anansi anali kulawira ndi makasu ao, nakampalirira munda wace. Wodwalayo sanali kumfunsa kanthu, anali kungogona. Ndipo pocira anapeza cimanga cace cosadyedwa ndi udzu. Tsono munda wanu wa mapemphero ndautenga ine. Inu gonani. Tsiku limene mudzamva mphamvu m'mikono mundiuze, ndidzakubwezerani khasu lanu."

Ndidziwa kuti ena a inu akuru a mpingo mudzati, munthu sakhulupirira m'malo mwa mnzace, monganso sadya m'malo mwa mnzace. Ndipo mwanena zoona. Koma ndawerenga kawirikawiri m'Marko za wodwala manjenje uja amene anzace anai anamtsitsa pa denga, ndipo sindipezamo kuti wodwalayo ananena kanthu. Cimene Ambuye anaona cinali cikhulupiriro ca onyamulawo. Zozama za nkhani imeneyi ndisiyira abusa. Cimene ndidziwa ine ndi cakuti kalata iri yonse ya pambuyo pace inayamba ndi mau akuti mundawo alikupalirabe, ndipo kenaka inanena za mvula, za ana anga, za mtengo wa ufa. Sanandifunsa ngakhale kamodzi ngati ndabwerera. Munthu wina akadanditumizira mavesi 20 ndi kundilonda ngati wakuba, ndipo ndikadaumitsa khosi. Pa cifukwa ca kusafunsa kwaoko ndinasowa womenyana naye.

Inapita miyezi 17. Madzulo ena mkazi wanga anali kupemphera ndi ana otsala asanagone. Pofika pa maina a ana, anafika pamene panali dzina la womwalirayo, ndipo mau anamthera. M'nyumba munali zii. Pamenepo ndinamva pakamwa panga palikutsiriza pempherolo, ndipo sinali milomo yokha. M'mawa mwace ndinalemba kuti khasu ndalandira. Agogo anayankha ndi mzere umodzi wa ciyamiko. Ndipo mzere waciwiri unati mkazi wamasiye wa ku Bulawayo wataya mwana wace wamwamuna, munda wace uli m'thengo, kodi sindingaupalire ine?

Musayese kuti anali munthu wopanda zotopetsa. Anali kubwereza nkhani imodzi katatu. Za fodya ndi mowa anali kulalikira ngakhale kwa ine amene sindinalawa. Pamene ndinawauza kuti acinyamata a mpingo wathu agula zoimbira za magetsi, analemba masamba awiri a cidandaulo, monga ngati tagwetsa nyumba ya Mulungu. Koma analinso wa nthabwala. M'caka ca 2009 anaika m'kalata ndalama ya pepala ya madola 100,000,000,000,000 a ku Zimbabwe, yoturutsidwa mwezi wa Januwale caka comweco, nati tsopano ndalemera, ndileke uphunzitsi. Ndipo anaonjeza kuti miyala yosanjikizana yojambulidwa pa ndalamayo iri kufupi ndi kwao, ndi kuti miyalayo yokha ndiyo yosagwa. Ndalamayo ndaphunzitsira masamu zaka zambiri, ana alikuwerenga mazero ace 14.

Ca m'ma 2012 kalembedwe kao kanasintha. Zilembo zinakhala zazing'ono ndi zofulumira, ndipo mau ambiri analembedwa molakwa, ena oduka pakati, ena olumikizana posayenera. Ine, munthu wa colembera cofiira, ndinati mumtima, nkhalamba yayamba kusokonezeka. Ndipo ndinayamba kuyankha mwacidule. Mau ao ndinawamva kamodzi kokha, m'caka ca 2013, pamene mdzukulu wao anaimba lamya. Ndinamva mau okalamba, otsika, akuti, "Aphunzitsi, ndinu kodi?" Tinapatsana moni, tinafunsana za ana, koma makutu ao anali olema, ndipo tisanalankhule kanthu kena ndalama za m'lamya zinatha.

Iwo sanakhoza kubwera kuno. Lamulo la unzika la ku Zimbabwe la m'caka ca 2001 linasiya anthu ambiri a makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ali opanda dziko, ziphaso zao zitalembedwa kuti ndiwo alendo. Ndipo cinkana malamulo atsopano a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira komweko, Agogo anabadwira kuno, ndi kuno komwe kunalibe pepala lowadziwa. Wakuyenera kuyenda ndinali ine. Caka ndi caka ndinalonjeza kuti pa chuthi cacikuru ndidzafika. Ndipo caka ndi caka panali cifukwa, pena ndalama za sukulu za ana, pena feteleza, pena pasipoti. Zifukwazo zinali zoona, koma ndikaziwerenga bwino ndiona kuti ndinagula malata ndi wailesi m'zaka zomwezo. Zengerezu adalinda kwaukwau. Ine amene ndinawerengera mai uja za munthu wonena caka camawa, ndinanena mau omwewo kwa mwini wace.

Anamwalira mwezi wa Juni 2016. Kalata ya mdzukulu wao, ya m'Cingerezi, inandipeza atapita masabata 5 ataikidwa.

Ulendo umene ndinaulephera ali moyo ndinauyenda mwezi wa Epulo 2018. Ndinaturuka pa cipata ca ku Dedza, kupyola m'Angonia, kuoloka Zambezi pa mlatho ku Tete, kulowa pa Nyamapanda, ndi kupitirira Mutoko kufikira ku Harare. Njira imene iwo anaiyamba ndi mapazi, ine ndinaitsiriza pa basi osagona panjira kawiri. Mdzukulu uja anandicingamira, nanditengera ku Epworth, kunja kwa mzinda, kumene ndinaona miyala yosanjikizana ija ndi maso. Nyumba inali ya zipinda ziwiri, malata ace opsinjidwa ndi miyala. Tinalankhula Cingerezi, pakuti iye anakula ndi Cishona, ndipo cinenero ca agogo ace acimva pang'ono cabe.

Pamenepo ndinamva zimene makalata sananena. Kale anali kukhala ku Mbare, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya munthu wina. M'caka ca 2005, kuyambira mwezi wa Meyi, boma linagwetsa nyumba zotere m'mizinda yonse, pa nchito imene inachedwa Murambatsvina. Ndipo nthumwi ya bungwe la United Nations inawerengera kuti anthu ngati 700,000 anataya pokhala kapena popezera cakudya. Agogo analamulidwa kugwetsa kanyumba kao ndi manja ao. Ogwetsedwawo anauzidwa kuti abwerere kumidzi kwao; koma mchona alibe mudzi m'dzikomo. Anagona panja m'cisanu ca Juni masabata angapo, ndipo mkazi wao anatenga cifuwa cimene anamwalira naco. Ine ndikumbukira kalata ya nthawi imeneyo: inati asamuka, keyala yatsopano ndi ya ku mpingo, ndipo inafunsa ngati mwana wanga wamwamuna wakhoza mayeso. Za imfa ya mkazi wao anandiuza, koma za cisanu iai. Ndinamvanso kuti m'zaka za m'ma 1990 anaika ana atatu akuruakuru, ndi kuti mdzukuluyu anamlera okha. Potero munthu amene anatenga munda wanga m'caka ca 2006 anali asanatsirize caka m'cisoni cace ca iye mwini, alikugona m'kacisakasa ka mapepala.

Ndinene zoona, ndinakwiya nao pang'ono, ndipo mkwiyowo sunathe konse. Bwenzi losenza katundu wako ndi kubisa wace likusiya ndi ngongole yosabwezeka. Kapena anayesa kuti munthu wothawa banja lace alibe mwai wakudandaula. Kapena kunali kunyada kuja ali nako aumphawi ena. Ndikadakonda kuti anandipatsako ndime imodzi ya m'munda mwao.

Ndalama za masitampa anali kuzipeza posoka nsapato pansi pa mtengo. Ndipo m'caka ca 2008, pamene ndalama ya dzikolo inasanduka mapepala, anali kupereka makalata kwa apaulendo a pa basi kuti akaponye kuno, ndico cifukwa ena anafika ndi sitampa ya Malawi. Za kalembedwe kosintha kaja, mdzukuluyo anaseka mwamanyazi, nati ndiye anali kulemba. Maso a Agogo anacita ng'ala; tsono iwo anali kunena, ndi iye analemba mau a cinenero cosacidziwa, monga anawamvera m'makutu, usiku ataweruka ku nchito. Ndinakumbukira mayankho anga acidule aja, ndipo sindinapeza ponena.

Akristu a mpingo wao anandiuza kuti anawapempha kangapo kuti akhale mkuru wa mpingo, koma anakana, nati munthu wolephera nyumba yace yoyamba sayenera kuweruza za nyumba za ena. Anasankha kusesa ndi kukonza mipando, ndi kuyenda m'zipatala kufunafuna odwala opanda abale, atatenga nthoci.

Ndisanacoke mdzukuluyo anandipatsa kope la sukulu lakale, lakuda ndi manja, limene Agogo anali kutsegula m'bandakuca; ndipo atacita khungu anali kungoligwira, pakuti analidziwa pamtima. Linali ndi tsamba la tsiku liri lonse la sabata, ndi maina pa tsamba liri lonse. Langa ndinalipeza pa Lacitatu, pamodzi ndi la mkazi wanga ndi a ana. Ndi la mwana wathu womwalira silinafafanizidwa, koma pambali pace panali kamtanda. Wa ku Bulawayo anali pa Lacinai, mnyamata wa ku Johannesburg pa Loweruka. Koma pamwamba pa tsamba liri lonse, maina ena onse asanayambe, panali mau a inki yakale yofufuma akuti, mwana wanga wa kwathu. Ndipo pamwamba pa mauwo, ndi inki ina, dzina lija ndinawatumizira ine m'caka ca 2002.

Nditabwerera, Loweruka loyamba ndinapalasa kunka tsidya la mtsinje. Maiyo anali atamva za imfa kale, pakuti ndinakamuuza m'caka ca 2016, ndipo tsikulo anangoti, "Camwino, mwatiuza." Tsopano anali wa imvi, wa adzukulu. Anandiyalira mphasa, nakhala capatali ndi licero lace. Ndinamsimbira za ulendo, za nyumba, za manda. Ndipo potsiriza ndinaturutsa kope, ndinatsegula tsamba la Lolemba, ndi kuitana mdzukulu wace wa Sitandade 5 kuti awerenge mzere woyamba. Mwanayo anawerenga dzina la agogo ace. Maiyo anaika licero pansi, nati, "Nanga Laciwiri?" Mwanayo anatembenuza, nawerenga. Anati, "Lacitatu?" Comweco anafunsa tsiku ndi tsiku kufikira Lamulungu, ndipo mwanayo anawerenga dzina lomwelo kasanu ndi kawiri.

Sananena kuti wakhululuka, ndipo ine sindinamfunsa. Anatambasula manja onse awiri, nalandira kopelo, nalowa nalo m'nyumba, nakhalitsa m'menemo. Pamene ndinaimirira kuti nditsazike, anaturuka, nati, "Aphunzitsi, musanyamuke, madzi ali pamoto." Ndinatsamiritsanso njinga pa mtengo wa mango, ndipo tsiku limenelo ndinadya nsima pakhomo pace, nthawi yoyamba m'zaka 16.